Maswiti a Felista

Amake Felista,

Mukukumbukira tsiku lija mwanayu anandifunsa kuti, "Ababa, kodi chilipo chakudya chimene munthu sanachigwirepo ndi manja?" Ine ndinangoseka. Lero ndamvetsa, koma mochedwa.

Felista wakomoka panjira ya kusukulu m'mawa uno, inu mutapita kale kukakumba mbatatesi kudimba. Watsitsimuka, koma ndi wofooka kwambiri. Ndapita naye kuchipatala ku boma. Atinyamula pa lole a chipani chija sitinachivotere, musawauze achimwene anu.

Wolakwa ndine. Lolemba ndinakakalipira a Jafali pa golosale pawo kuti asamugulitsenso maswiti, poganiza kuti ndi dyera la shuga chabe. Chiyambire tsikulo amangosamba m'manja mpaka zala kung'aluka, chakudya chake n'kumapatsa galu ife osaona. Lero wandiuza akulira kuti amadya maswitiwo chifukwa ndi okutidwa m'pepala, palibe anawakhudza. Akuti akadya chogwiridwa ndi munthu, mumtima mumamuuza kuti inuyo mumwalira. Akudziwa kuti si zoona, koma mantha sakumusiya.

Pepani, amayi. Mbuzi sindinazitulutse m'khola. Mawa mutitsatire ndi bulangete lake, ndipo mukamuona musamufunse zambiri.

A Jafali atiperekeza mpaka pamsewu. Alonjeza kuti azimusungira nthochi ndi mazira owiritsa, zinthu zoti azisenda yekha. Ine ndawalonjeza kuti mwanayu akafika pakhomo pawo, sindidzamutsatiranso ndi mawu aukali.

Ndine,
Vinsenti