Zikhadabo za Yohane

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno ku lokesheni ya Rugare tilipo, koma ndi kulipo kwa masiku ano kumene.

Ndiyambe ndi zokoma. Mng'ono wanga Esitere wachira, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Kakamwa kake ndi inu nomwe, sikapuma. Kamunda kanu ka m'mphepete mwa njanji kanabereka maungu ndi chimanga chongokwana kuotcha, china anatikololera ndi anthu odutsa. Bambo a Yohane akadali pa ntchito ya njanji ku Lochinvar, ndipo chifuwa chawo chija sichinawasiye.

Koma chimene chandikhazika pansi ndi mdzukulu wanu Yohane. Wapita, Amayi. Lolemba lapitali ndinapeza bulangete lake lopindidwa bwino, mwini wake mulibe. Mtima ukundiuza kuti watsatira anzake amene akuwoloka malire kupita ku Mozambiki, kukalowa gulu la nkhondo yomenyera ufulu wa dziko lino. Mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi! Ndikuopa, ndipo chakudya sichikulowa.

Gitala uja munamuyambitsa ndinu, musakane. Munkamutenga akadali kamwana popita ku ntchito kwa a Pereyira, Mpwitikizi wokalamba uja munkamuphikira. Tsiku lina kanagwira gitala wa abwanawo n'kubwereza nyimbo imene kanangoimva kamodzi. Mdalayo m'malo mokalipa anakakhazika pampando n'kuyamba kukaphunzitsa. Sanali maimbidwe a ku mowa aja, okwapula zingwe zonse pamodzi, ayi. Yohane ankakhala msana uli njo, phazi lamanzere pa njerwa, gitala pantchafu, n'kumatola chingwe chimodzichimodzi. Chala chachikulu chinkayenda pang'onopang'ono pa zingwe za mawu aakulu, zala zitatu zikuthamanga pa chingwe chimodzi mpaka liwulo kumveka ngati silikuduka. Mzere womwewo ankatha kuuimba kawiri, koyamba ngati akufunsa, kachiwiri ngati wina wamuyankha. Anthu obwerera ku ntchito ankaima pa mpanda wathu n'kuiwala kuti ali ndi njala.

Iye Chishona ndiye cha pakamwa pake, inu Chichewa chanu cha ku Dedza simunachisiye, moti pocheza munkangokhumudwitsana. Koma akayamba kuimba munkasiya kusoka. Akalakwitsa malo amodzi n'kumabwereza mpaka ine mutu kuwawa, inu munkati, "Musiye, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Nanga nkhondo ya zikhadabo mukuikumbukira? Za kumanzere ankawenga mpaka pamnofu kuti azipanikiza bwino zingwe. Za kumanja ankazisunga zazitali, n'kumazipala ndi kasandipepa kosalala kamene bambo ake ankamubweretsera, pomaliza n'kuzipukuta pa lamba wachikopa. Ankati chingwe chimayamba chakhudza mnofu, chikhadabo ndicho chimachimasula, ndipo chikakhala ndi kamano ngakhale kochepa mawu amakanda. Ine zinkandichititsa manyazi. Amayi a ku tchalitchi ankanong'onezana kuti mwana wamwamuna zikhadabo ngati mphamba, ulesi basi. Nditabwera ndi lezala munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Zisiye, khasu lake ndi limenelo." Nkhuni munkawaza nokha, ndi nsana wanu wopweteka uja, kuti iye asathyole chikhadabo. Munamuphunzitsanso za kwathu, kuti zowenga sazisiya poyera, amatola ndi afiti. Chiyambire pamenepo ankazikwirira yekha pansi pa mtengo wa pichesi, ndipo sanaiwalepo.

Titakuikani m'manda zinthu zinayamba kupendekeka. A Pereyira anathawa nkhondo kupita ku Joni, gitala anamusiyira mwanayo. Asanachoke anamulembetsa pa mpikisano wa ana oimba m'tauni. Tsikulo ndinamusitira malaya oyera, tinakwera basi tonse awiri. Panjira asilikali a boma anaimitsa basi. Ataona bokosi lalitali lakuda anayesa muli mfuti, anatitsitsa tonse. Atatsegula n'kupeza gitala anayamba kuseka. Mmodzi anamugwira dzanja lamanja n'kulikweza kuti anzake aone zikhadabo, akumufunsa ngati ndi mnyamata kapena mtsikana. Kenaka anamugwaditsa m'fumbi n'kumuuza kuti awaimbire. Anaimba, Amayi, ali chigwadire, ine ndikuona. Anaimba bwino zedi, iwo n'kumuombera m'manja ngati nyani wa pa chionetsero. Sanamumenye ayi. Mwina bola akanamumenya. Ku mpikisano tinafika atatseka chitseko, tinangobwerera.

Kuchokera tsiku limenelo maimbidwe ake anasintha. Ankakoka zingwe mwaukali mpaka zikumenya thabwa, ndipo nyimbo ankaisiyira panjira. Funso lija linkamveka, koma yankho osabweranso. Anayamba kuyenda ndi anyamata aakulu a ku sekondale, akafika pakhomo mawu ochepa. Inu munkakonda kunena kuti chakudza sichiimba ng'oma. Ichi chinaimba, m'nyumba mwanga momwe, koma ndinkayesa kuti ndi mkwiyo woti utha.

Bambo ake akuuza anthu kuti wapita ku Bulawayo kukafuna ntchito, poti akapirikoni okaneneza anthu ku boma achuluka m'lokesheni muno ndipo sudziwa amene ukumwa naye tiyi. Ndi mmene akubwerezera, ndikuona ngati ayamba kukhulupirira okha. Ine sindingadzinamize. Gitala ndinamupeza atamukulunga m'shawelo yanu yofiira ija, zingwe atazimasula monga amachitira munthu wodziwa kuti achedwa. Ndipo pawindo, m'kasosala kanu ka maluwa, munali zikhadabo zinayi za kumanja, zowengedwa bwinobwino. Mwana amene sanasiyepo chowenga poyera! Anaziika pamenepo dala kuti ndizipeze ine, poti pakamwa sakanatha kundiuza.

Bambo ake akuti ndikazikwirire pansi pa pichesi monga mwa mwambo. Ndinapita nako kakhasu, ndinakumba, koma manja anakana. Ndakwirira kale inu chaka chino, sindikwiriranso kanthu ka mwana wanga ali moyo. Mundikhululukire ngati ndikuphwanya zimene munatiphunzitsa. Ndazitsekera m'kachitini kanu ka fodya, pansi pa sutikesi, pamene mfiti kapena msilikali sangafike.

Inu muli pamalo poona patali. Ngati mukumuona m'tchiremo, muyende naye. Munkamuwazira nkhuni kuti zala zake zisavulale, ndiye musatope lero. Ine ndikulonjeza kuti njerwa yake siichoka pafupi ndi mpando, ndipo tsiku limene adzalowe pakhomo pano, nkhuni ndidzawaza ndine mpaka zikhadabo zitamera. Lezala sindidzaigwiranso.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya