Ng'ona Zanga za Pathabwa

Lachinayi. Mwera wawomba tsiku lonse, nawonso mtima wanga sunakhazikike.

Kunabwera munthu wa kampani ya ku Blantyre imene imasindikiza masewera a njoka ndi makwerero. Kale ankatilola kujambula athuathu, bola chizindikiro chawo chikhale pakona. Ine ndinajambula pathabwa, popanda wondiphunzitsa: m'malo mwa njoka, ng'ona za mu Bua; m'malo mwa makwerero, mabwato. Lero akuti lamulo lasintha, chilichonse chokhala ndi chizindikiro chawo ndi chawo. Lolemba abwera kudzatenga thabwalo.

Ndinamuuza pamaso pake kuti kumeneko ndi kuba. Kukometsa mawu sindidziwa ine.

Atachoka, pakhonde pa golosale pomwe timasewera panabuka phokoso. Che Saidi, amene ng'ona yaikulu ndinaitcha dzina lawo chifukwa imawameza tsiku ndi tsiku, anamenyetsa ndodo pansi: "Walahi, ng'ona yanga sipita ku Blantyre! Matipate ake ndi amenewa?" Ena anati tingobwerera ku bawo, ilibe mwini.

Koma a Phiri, alamu anga enieni, anati, "Alamu, mpatseni. Akakasindikiza, Liwaladzi yathu ino idziwika mpaka ku Nsanje." Ndipo ena anavomereza! Anthu omwewo amene amalawirira pathabwa langa asanasukusule n'komwe.

Thabwalo ndalibisa m'nkhokwe, pansi pa mpunga. Koma potsika ndinaona a Phiri ataima pampanda, akundiyang'ana. Mlongo wanga ndiye ndikumumvera chisoni, chifukwa Lolemba mwamuna wakeyo akangoloza nkhokwe ija...