Amuna anga andisandutsa mlongo wawo

Aphungu,

Ndakulemberani inu chifukwa nkhani yangayi ndikaiyamba pa mpope, dzuwa lisanalowe Nangongwe yense aidziwa. Ndine mayi wa ana awiri. Amuna anga, a Fackson, anandikwatira mwamwambo. Ankhoswe awo anabwera kwathu ku Chanyanya, nsalamu, kandalama kofunsira mbeta kaja, inalandiridwa, malowolo anatha, azimayi anandilanga. Ku Boma kokha ndiko sitinapite. Nthawi imeneyo palibe amene ankaganiza kuti ukwati umafuna chidindo.

A Fackson anali kalaliki pa fakitale. Makampani atayamba kugulitsidwa, iwo anali m'gulu loyamba kuchotsedwa ntchito, ndipo kuchokera pamenepo nyumba ikuyenda ndi tebulo langa la salaula, zovala za kaunjika, pa msika. Ukondakitala wa minibasi anaukana, akuti ndi wa anyamata. Chuma chimene anatsala nacho ndi Chingerezi, chija chotulukira m'mphuno. Choncho chaka chatha, kutabwera alaliki a ku America kudzachititsa msonkhano wa chitsitsimutso ku Lusaka, mnzawo wina anawapezera ganyu yomasulira. Kumeneko ndi kumene anadziwana ndi Gwendolyn, mayi wakuda ngati ife tomwe, namwino kwawoko, amene anabwera ndi gulu la alalikiwo.

Msonkhano utatha anabwera kunyumba nkhope ikuwala. Anati, "Amake Given, Mulungu watsegula door. Ba Gwen bavomera kunithandiza. Tizakwatirana pa pepala chabe, banitengere visa, nikafika kuja nipeze green card. Pakapita two years tisiyana, manje nizakuitanani imwe na bana."

Ndinafunsa kuti nanga ine pa nthawi yonseyo ndidzakhala ndani. Anati, "Imwe ndimwe sister wanga. Ku Boma kulibe record yathu, pa pepala nine bachelor." Ndinafunsanso ngati mayiyo akudziwa kuti ali ndi mkazi. Anayankha kuti, "Baziba vonse. Ni munthu wa Mulungu, bafuna chabe kuthandiza banja. Koma olo pamenso pabo muzinkala sister, kuti tijaile, tizolowele, tisakalakwise pa interview."

Ndinavomera. Amene sanagonepo ndi njala ali ndi ana m'nyumba andiseke. Ine ndinkaona mwana wanga Given atakhala pa desiki ku America, osati pa simenti ngati mmene amakhalira kusukulu kwawoko.

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munasanduka kalasi. Akuti ku embase amafunsa zonse: mkazi wako amagona mbali iti ya bedi, amakonda ndiwo zanji, mswachi wake ndi wa mtundu wanji. A Fackson aloweza tsiku lobadwa la Gwendolyn, la amayi ake, mpaka dzina la galu wawo amene anafa kale. Ine ndakhala nawo zaka zonsezi, koma muwafunse tsiku langa lobadwa, adzakuuzani kuti ndi nthawi ya mango. Zinandiwawa, koma ndinati ndi mayeso, asiyeni awerenge.

Mwezi watha Gwendolyn anabweranso ku Zambia. Amagona ku Lusaka, koma Loweruka lina a Fackson anabwera naye kwathu, akuti pakufunika zithunzi zosonyeza kuti abale a mwamuna akumudziwa. Dzulo lake ndinasamutsa zitenje zanga, nsapato ndi mikanda yanga kuchoka kuchipinda kwathu kupita kuchipinda kwa ana, ndi manja angawa. Given tinamuphunzitsa kuti bambo ake aziwatcha "ba uncle". Wamng'ono sadziwa kunama, ndiye tinakamusiya kwa amayi anga ku Chanyanya.

Awiriwo akutsika m'takisi, aneba athu amake Derrick anafuula ali poyanika zovala, "Amake Given! Bamuna banu babwera na balendo!" Gwendolyn anamwetulira n'kufunsa kuti mayiyo akuti chiyani. Chingerezi changa ndi cha giredi naini, Aphungu, koma ndinamva bwinobwino zimene a Fackson anamasulira. Anamuuza kuti mayiyo akuti takulandirani ku Nangongwe. Mtima wanga unayamba kukayika pomwepo. Ngati munthu akudziwa zonse, chomumasulira bodza n'chiyani? Pabwalo pathu panalibe wa ku embase, panali nkhuku zokha.

Ndikukazinga nsomba pa mbaula, Gwendolyn ananditsatira, chitenje atachimanga chokhota. Chinyanja amangodziwa mawu awiri, "zikomo" ndi "mulamu", ndipo lachiwirilo ndi limene amanditchulira. Anandipempha kuti ndimuphunzitse kuphika nsomba mmene mlongo wanga amaikondera. Anandiuza kuti wagula kale bedi lalikulu, ndipo chipinda china wachisungira mwana, chifukwa Fackson akufuna mwana msanga. Kenako anandigwira manja onse awiri, misozi ili mbwembwembwe. Akuti Fackson anamufotokozera mmene mwamuna wanga anandithawira n'kundisiya ndi ana awiri, ndi mmene iye akuwalerera anawo ngati ake.

Anatiitana tonse kuti tipemphere. Tinagwirana manja pomwepo, nsomba zikupserera. Anapempherera mwamuna wanga wothawayo, kuti Mulungu asamupatse tulo mpaka atabwerera kwa mkazi wake ndi ana ake. A Fackson anali atagwira dzanja langa, ndipo ameni wawo anamveka mpaka kwa amake Derrick. Inenso ndinati ameni, nanga ndikanati chiyani?

Atamuperekeza n'kubwerako ndinawafunsa za bedi, za mwana, ndi za mwamuna wanga wothawayo. Anaseka. "Imwe simubaziba ma Americans. Baja bamachita acting mpaka mu kitchen, ni practice chabe." Nditalimbikira anakwiya. "Mufuna tifele muno mu salaula?"

Ukwati wawo uli mwezi wamawa ku Lusaka. Akufuna ine ndikakhale mboni ya kuchimuna, ndikasaine ngati mlongo wawo. Makolo anga sakudziwa kanthu. Apongozi anga akudziwa, ndipo akuti ndisatseke mwayi wa mwana wawo. Ine ndimawakondabe amuna angawa, ndipo ndikuopa kuti ndikakana adzakhala akunena mpaka kumanda kuti ndine amene ndinawatsekera chitseko. Kodi n'zoona kuti pakapita zaka ziwiri angathe kundiitana ndi ana? Akunamizidwa ndani pakati pa ine ndi mayiyu? Ndikasaine?

E.M.,
Nangongwe, Kafue

Amake Given,

Musasaine. Ndayambira pamenepo dala, kuti ngati nyuzipepalayi mukulungiramo nsapato za kasitomala musanafike kumapeto, mawu amenewo mukhale mutawawerenga.

Mphuno yanu sinakunamizeni. Mayi amene akudziwa kuti ukwati ndi wa papepala sagula bedi, sasungira mwana chipinda, ndipo salira pa mbaula popanda womujambula. Gwendolyn sakudziwa kanthu. Mwafunsa kuti akunamizidwa ndani. Nonse awiri. Iye anauzidwa kuti Fackson sanakwatirepo, inu munauzidwa kuti ndi pepala chabe, ndipo munthu yekhayo amene amamasulira pakati pa inu awiri ndi mwini bodzalo.

Tiyambe ndi za kwathu kuno. Zoti pa pepala ndi batchala aziwuze anzawo kumowa. Ukwati wamwambo ndi ukwati, malamulo a dziko lino amaudziwa. Mwamuna amene akakwatira wina ku Boma ukwati wamwambo usanathe wapalamula mlandu, ndipo mboni yosaina bodza ikudziwa nayonso imalowa m'madzi omwewo. Iye adzakwera ndeke, inu ndi dzina lanu mudzatsala pafupi ndi apolisi.

Tsopano za ku Americako. Munthu wolowa kudzera m'ukwati watsopano sapatsidwa girini khadi yeniyeni pomwepo. Yoyamba ndi yongoyembekezera, ya zaka ziwiri zimene akukuuzanizo. Si zaka zongodikira ayi. Ayenera kukhala nyumba imodzi ngati banja, ndipo zikatha onse awiri amakasonyeza kuti ukwatiwo ulipodi. Umboni woposa wina uliwonse ndi mwana. Mwamva tsopano chifukwa chake mwana akufunidwa msanga? Ndiye njira zilipo ziwiri basi. Akagwidwa, amubweza ndipo chitseko chimenecho chitsekeka mpaka kalekale. Akapanda kugwidwa, ndiye kuti ukwatiwo wasanduka weniweni. Bodza limeneli likapambana, lasiya kukhala bodza, ndipo m'njira ziwiri zonsezi simuli mopindula inu.

Akuti adzakuitanani. Ngati ndani? Ngati mlongo? Woitana mlongo ayenera kuyamba wakhala nzika ya dzikolo, mzere wake ndi wautali moti Given adzakhala atabereka ake, ndipo adzafuna zikalata zosonyeza kuti inu ndi Fackson munabadwa kwa kholo limodzi. Muli nazo? Kapena adzakuitanani ngati mkazi? Ndiye akafotokoze mmene mlongo wa pa zithunzi zija, amene anasainanso ngati mboni, wasandukira mkazi wake. Nanga ana amene bambo analumbira kuti alibe, adzawaitana bwanji? Anthu a kumeneko sataya mapepala. Fackson waloweza dzina la galu wakufa, koma mafunso awa sanawawerenge, kapena anawawerenga n'kuona kuti sakumukhudza.

Chitani izi. Lero lomwe bwezerani zitenje ndi mikanda yanu kuchipinda kwanu. Kamutengeni wamng'onoyo ku Chanyanya, ndipo mukafika kumeneko musabwerere musanawauze makolo anu zonse. Amene analandira nsalamu ndi amene ayenera kuitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri, Fackson akhale pansi afotokoze yekha, m'Chinyanja, popanda Chingerezi cha m'mphuno. Apongozi anu abwere nawo, anene pamaso pa anthu ngati anabereka mwana wamkazi dzina lake inu. Given muuzeni kuti masewera aja atha, bambo ake ndi bambo ake. Mwana sazolowezedwa kukana bambo, chifukwa tsiku lina adzakanadi. Mupitenso ku khoti la lokolo, lija loweruza nkhani za mwambo, mukafunse akalaliki mmene ukwati wamwambo umalembetsedwera, kuti mawu akuti kulibe rekodi atheretu.

Gwendolyn ayenera kudziwa ukwatiwo usanachitike. Mupatseni Fackson mwayi woti amuuze yekha, inu muli pomwepo, koma womasulira mubwere naye wanu, mphunzitsi kapena namwino wamkazi amene mumamukhulupirira. Akakana, muuzeni nokha ndi Chingerezi chanu cha giredi naini. Mawu akuti ndine mkazi wake safuna digiri. Musamutukwane mayiyo. Sanakubereni kanthu, nayenso akuberedwa, ndipo anakulirirani ndi mtima woona pomwe amuna anu ankakuwa ameni.

Fackson akwiya, zimenezo muyembekezere. Mwamuna amene anazolowera tayi n'kupezeka akudya za pa tebulo la mkazi wake amamva kuwawa, ndipo ine sindikumuseka. Koma chitseko chimene mukuopa kumutsekera si chanu, ndi cha Gwendolyn, ndipo kiyi wake ndi wakuba. Ngati akumufunadi mayiyo, athetse ukwati wanu masana pamaso pa ankhoswe, za ana zikambidwe, akalembe zoona zokhazokha ku embase. Ngati akufuna inu, asiye zimenezi. Mapanga awiri avumbwitsa, koma pano amene akuvumbwa ndinu ndi ana.

Chenjezo langa ndi ili, mwana wanga. Akadzabwera ndi mawu okoma, kukupemphani kuti mungosaina kamodzi kokha, mukumbukire pemphero la pa mbaula lija. Gwendolyn anapempherera mwamuna amene anathawa mkazi ndi ana awiri ku Nangongwe. Lero mwamuna ameneyo kulibe, ndi nthano chabe ya Fackson. Mukasaina adzakhalapo, ndipo wokamuperekeza ku ndeke mudzakhala inuyo, mulamu.

Aphungu