Phazi la apongozi

Lolemba, 2 Juni 2025

M'chigafa mukununkha. Si fungo la fodya lomwe ndimalidziwa. Ndagwetsa mulu wonse, kufukula ndindi imodziimodzi, poopa kuti fodya wa chaka chonse wawola. Palibe chowola. Apongozi, aNambewe, anali pakona pawo akusankha masamba, atafunda chitenje mpaka kumapazi, nkhope kukhoma monga mwa nthawi zonse ndikalowa. Fainala akanakhalapo akanapeza msanga, mphuno yake ija. Koma mkazi wanga ali kuchiyembekezo ku Boma, mwana wathu woyamba akhoza kubwera tsiku lililonse. Pakhomo tatsala awiri, ine ndi mayi ake, anthu oti tikakumana panjira wina amapatukira kutchire.

Lachiwiri, 3 Juni

Mayo ine! Si fodya.

Apongozi anagwa akutuluka m'chigafa, chitenje n'kuvundukuka. Ndinayang'ana kumbali monga mkamwini waulemu, koma maso anali ataona kale. Phazi lotupa ngati dzungu. Pansi pake bowo, mafinya, chala chimodzi chakuda bii. Pachilondapo anathirapo fodya wosinja n'kumanga ndi kansalu.

Ndinafunsa ndikuyang'ana mtengo wa mango: "Amayi, chachitika n'chiyani?" Iwo kuyankha akuyang'ana nkhokwe: "Kamsomali ka pajeke yodindira fodya, bambo. Sikakupweteka ayi." Sikakupweteka! Akuti anakapeza madzulo povula nsapato, atayenda nako tsiku lonse. Ndipo zinachitika Fainala asanachoke. Anabisa kuti mwana wawo asade nkhawa ali ndi pakati.

Ine ndakhala ndikuwapatsa moni kuseri kwa khoma masabata onsewa, n'kumadzitama kuti ndine mkamwini wamwambo.

Lachitatu, 4 Juni

Kuchipatala pa njinga yamoto. Iwo yawo, ine yanga pambuyo. Awagoneka. Shuga wakwera koopsa. Mankhwala a shuga anasiya pa Pasaka, akuti ankadzimva bwino.

Adokotala anawagunda kuphazi ndi kaulusi kolimba, iwo atatsinzina. "Mukumva?" Zii. Phazi linalo, zii. Akuti shuga amapha mitsempha, munthu akhoza kuponda khala la moto osadziwa.

Lachisanu, 6 Juni

Chala chija adula. Fainala wabwera kuchokera kuchiyembekezo akukoka mimba, walira mpaka anamwino amubweza.

Ine ndimayesa chilonda ndi ntchito ya munthu mmodzi wa bandeji. Lero anazungulira bedi ngati msonkhano wa kalabu ya fodya. Adokotala a shuga, adokotala ena amene anadula chala, anamwino otsuka chilonda a Maureen, mayi wa zakudya yemwe wathetsa tiyi wa apongozi wa masupuni anayi a shuga, ndi bambo wina amene anayeza phazi kuti akonze nsapato yoti chilonda chisamagunde pansi. Aliyense kunena mbali yake, kufunsana, kutsutsana pang'ono. Ine ndinaima kukhomo, chipewa m'manja.

Kenaka a Maureen: "Nanga wakunyumba ndani? Gulu lathu silinakwane." Onse kutembenukira kwa ine.

Akuti pakufunika munthu woona mapazi onse awiri m'mawa uliwonse. Pansi, pakati pa zala, kuchidendene. Eni ake maso afooka ndi shuga yemweyo. Ndinati, "Pepani, ndi apongozi anga amenewo." Apongozi anakoka bulangete kuphimba nkhope. Adokotala sanaseke. Anati kwawonso mwambowu ulipo ndipo amaulemekeza, koma chilonda china chikabisala, adzadula apa. Analoza pansi pa bondo.

Lamulungu, 8 Juni

Mwana wamkazi! Koma ndi opaleshoni. Fainala sangawerame kwa milungu ingapo. Ndasangalala, ndili ndi mantha, sindikudziwa chomwe chikuposa chinzake.

Lachinayi, 19 Juni

Tonse tili kunyumba. Ndayesa aliyense woti aziona mapazi aja. Achemwali awo aNambewe maso ndi ofooka kuposa eni ake. Amayi a mvano anavomera, koma apongozi akana: "Phazi langa lisakhale nkhani ya pachitsime." A Sellah, alangizi a zaumoyo akuno ku Lisasadzi, azibwera kudzatsuka chilonda masiku ena, koma ali ndi midzi yambiri. Andiphunzitsa pa phazi langa lomwe. Anati, "A Ronald, muli ndi maso oona kadontho pa tsamba la fodya. Mukuopa chiyani?"

Ndikuopa anthu. Ndamva kale amalume ake a Fainala akuti, "Mkamwini kugwira mwendo wa apongozi? Dziko latha." Iwo sanaone bowo lija.

Lachisanu, 20 Juni

Ndinafika pakhomo pawo ndi beseni, n'kubwerera. Manyazi. Fainala sanandilankhule tsiku lonse.

Loweruka, 21 Juni

Ndinagwada panja ndi beseni n'kuodira. Kenaka phazi la bandeji linatulukira pansi pa nsalu yotchinga pakhomo, lokha, eni ake ali mkati. Ndinaona m'mbali mwa bandeji. Mouma, mosanunkha. Ndinati, "Linalo, amayi." Linachedwa, koma linabwera.

Phazi labwinolo. Pakati pa chala chachikulu ndi chinzake panali kawaya komangira mitengo ya chigafa, katalowa ndithu, magazi atauma mozungulira. Ndinakazula, n'kutsuka monga anandiphunzitsira, n'kuimbira a Sellah. Akubwera masana.

"Mwapeza chiyani, bambo?" Ndinalowetsa dzanja pansi pa nsalu, kawayako kali pachikhatho. Anakatenga. Ndinamva akukagudubuza m'zala.

Kenaka nsalu ija inakokedwa yonse. Anakhala poyera, nkhope yawo pafupi ndi yanga koyamba chikwatirire mwana wawo. Anaika chidendene pabondo langa.

"Yambiraninso," anatero. "Muone bwinobwino."