Chitenje Chimodzi Chaperewera

Migowi,
Phalombe.
12 Ogasiti 2024.

Okondedwa achimwene a Dyson,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Lilongweko. Kuno tilipo. Amayi mwendo uja wayamba kulola, dzana anafika okha kumunda wa nandolo. Foni yanga sinatayike ayi, ndimaiona mukamaimba. Ndikungoopa kuti mukati "Iwe Fainess," lilime langa lilemera, ndiye ndati bola pepala.

Katundu munatumiza uja anafika: zitenje, zipewa ndi chinsalu chopachika pakhomo la holo. Zokongola zedi, chizindikiro cha bungwe lathu la mainjiniya uku, dzina la kampani yanu uku. A Makina, wapampando wa nthambi yathu ya Mulanje ndi Phalombe, anachita kuvina muofesi. Paja nthambi yathuyi ndi kamwana, sinachititsepo msonkhano, ndipo popanda thandizo lanu sitikanalota zoitanira anthu ku Migowi.

Koma zavuta, achimwene. Msonkhanowu tikuchititsa limodzi ndi nthambi ya Blantyre, ndipo lamulo la bungwe likuti zikatero, wothandiza aliyense avomerezedwe ndi nthambi zonse ziwiri. Likutinso kampani imene ntchito yake ikukambidwa pamsonkhano siingakhale yothandiza msonkhanowo. Lachinayi kunabwera a Sulemani, wapampando wa ku Blantyre. Anayala chitenje chanu patebulo, n'kuwerenga mutu wa nkhani imene ine ndidzakambe, ya chimene chinagwetsa mlatho wa kwathu ku Kaduya. Kenako anandifunsa mosakweza mawu, "Mayi injiniya, mlathowu anamanga ndani?"

Ndikanati chiyani? Aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti ndi kampani yanu.

"Ndiye musankhe," anatero. "Chitenje kapena nkhani yanu. Ziwirizi sizilowa muholo imodzi."

A Makina anandikokera panja thukuta lili kamukamu. "Mwana wanga, siya kankhani kakoko, ukambe za misewu ya fumbi. Ukaumirira, a Blantyre atenga msonkhano, ife titsala tikuyasamula. Ufuna kuphera nthambi yonse mlatho woti unapita kale?"

Unapita kale! Ndinapsa mtima. Achimwene, mlathowo unapita ndi a Amosi, aja ankakukwezani panjinga popita kusukulu. Akazi awo, a Alesi, mpaka lero amawoloka pamadzi dengu la tomato lili pamutu. Ine ndinakumba pansi pa zipilala zija, ndipo maziko ake anali osaya, sanafike pamwala. Sindikuti munalamula ndinu, mwina amene munawasiyira ntchito anakunamizani. Koma ndinaona ndi maso angawa. Milatho ina ikubwera m'mphepete mwa Michesi, ndipo ikamangidwa chimodzimodzi tidzaliranso maliro.

Ndasankha nkhani. Thandizo lanu komiti yalibweza. A Sulemani avomera kuti msonkhano ukhalebe ku Migowi, koma muholo ya tchalitchi, aliyense adzidyetse yekha. A Makina sakundiyankha moni.

Katundu wanu akubwera pa basi ya Lachisanu, koma mukawerenga mupeza chitenje chimodzi chaperewera. Ndinapatsa amayi tsiku lomwe zinafika, zinthu zisanavute. Lamulungu anachivala kutchalitchi, n'kumauza aliyense kuti, "Taonani, ana anga awiri pansalu imodzi." A Alesi anachigwira n'kuchiyamikira, ine ndikuyang'ana pansi. Amayi ndalephera kuwavula, ndalepheranso kuwauza.

Ndikudziwa mukuti ndine wosayamika, poti ndinu munandikokera ku ntchitoyi ena akuti mwana wamkazi ndi simenti sizigwirizana. Komatu ndinu nomwe munkandiuza kuti injiniya sakhulupirira nthaka asanaikumbe. Wakutsina khutu ndi mnansi, achimwene. Ndikuchita mantha, sindikubisirani. Ndikuopa kuti kalata ino ikhala yomaliza imene mungawerenge yochokera kwa ine.

Pempho langa ndi limodzi: bwerani pa 30. Lamulo laletsa chitenje chanu, silinaletse inuyo, ndinu membala ngati ife tonse. Mpando wakutsogolo wa othandiza simuupeza, koma mudzakhala ndi mwayi woimirira n'kuyankha nokha pamaso pa anzanu, kusiyana ndi kudzaimvera kwa ena.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayi akupereka moni wambiri, ati ayamba kale kutola nkhuni zoti akuphikireni kalongonda. Atinso tsikulo abwera kudzamva mwana wawo akulankhula pagulu, ndipo awatenga a Alesi. Amayiwo adzavala chitenje chija. Chonde achimwene, adzaimve nkhaniyi inu muli pambali pawo.

Ndine mlongo wanu, ngati mukundilolabe kutero,

Fainess.