Mayi Wosatembenuka

Luwinga, Mzuzu
14 Juni

Mwana wanga Malita,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi amuna ako a Cosmas ndi kamdzukulu kanga Pilirani. Kuno tadzuka, kungoti chisanu cha Juni chandilowa m'mawondo. Luwinga wasintha. Pamene unkachoka, mumsewu wathu munali nyumba zisanu ndi ziwiri. Dzulo ndinawerenga 23, zambiri ndi zipinda za ana a ku yunivesite.

Ino ndi kalata yachinayi. Zitatu zija sunayankhe, ndipo sindikukuimba mlandu.

Mayi Winifred, amene amaphunzitsa ku yunivesite ndipo akuchita lendi nyumba yathu yakuseri, anandionetsa pa foni nthano ya zithunzi imene imatuluka pa intaneti Lachisanu lililonse. Anati ndi yonena za mtsikana wokulira kuno ku Mzuzu, ndipo ndi yokoma chomene. Dzina la wojambula si lako, koma nditangoona manja a anthuwo ndinadziwa. Ndiwe wekha amene umajambula kachala kakang'ono kopindika ngati ka malemu bambo ako.

Anandikulitsira zithunzizo pa kompyuta yawo, ndipo ndawerenga zonse m'masabata atatu. Zigawo zilipo 74. Tsamba lililonse umaligawa m'mabokosi asanu ndi limodzi, ndipo munthu akasowa chonena umasiya bokosi lomaliza lopanda mawu. Poyamba ndinkayesa waiwala. Pofika gawo lachisanu ndi chinayi ndinazindikira kuti mabokosi amenewo ndiwo amandikhalitsa nthawi yaitali.

Mayi wa mtsikanayo akuoneka ka 31. Ka 31 konseko wafulatira. Duku ndi langa, juzi yobiriwira ija ndi yanga. Pansi pa gawo 52 wowerenga wina anafunsa chifukwa chake mayiyu satembenuka. Unamuyankha kuti ukafuna kukumbukira nkhope yake, umangoona msana ndi utsi.

Malita, ndili ndi chokuuza.

Uli Fomu 3 unalephera masamu, ine mayi ako ndili mphunzitsi wa masamu pasukulu yomweyo. Ndinatenga makope ako a zithunzi n'kukuuza kuti ndikukawotcha. Unaima pakhomo lakuseri ukulira, unandiitana kanayi, ine ndili kudzala ndikusonkhezera moto.

Zimene zinkapsazo anali mapepala akale a mayeso. Makope ako ndinali nditabisa m'sutikesi pansi pa bedi. Sindinatembenuke chifukwa ukanaona bodza pankhope panga.

Ndinkati ndidzakubwezera ukadzalemba mayeso a Fomu 4. Unakhoza, koma unali utasiya kundiyankhula kupatula moni wam'mawa, ndipo manyazi anandiletsa kukubwezera. Kenako unapita ku Blantyre. Zapita zaka khumi ndi ziwiri.

Makopewo alipo khumi ndi limodzi, masamba 412. Chiswe chinadya m'mphepete mwa awiri, koma zithunzi sichinakhudze. M'menemo ndilimo ka 58, ndipo ponsepo ndili ndi nkhope. Pena ndikuseka mano onse ali pamtunda, choko chili m'tsitsi. Sindinkadziwa kuti unkandiyang'ana chotero.

Mwezi watha adokotala anandiuza kuti diso langa lakumanzere lafa, ndipo lakumanja likutsatira. Ndinawafunsa kawiri kuti latsala ndi miyezi ingati, sananene. Mayi Winifred anati angathe kundijambula ndi foni n'kukutumizira chithunzi kuti uzionerapo. Ndinati yewo, koma ayi.

Bwera udzatenge makope ako, mwana wanga. Ukadzafuna, ndidzakhala pakhonde dzuwa likuwala, nditayang'ana kwa iwe, osasuntha mpaka utamaliza kundijambula. Ngati mtima wako sukulola, ingondiuza ndipo ndidzawatumiza pa basi, pakuti ndi ako. Koma ndikulakalaka kumuona mayi uja atatembenuka diso latsalali lisanatseke.

Undiperekere moni kwa a Cosmas. Pilirani umuuze kuti agogo ake amusungira mapensulo anayi. Mulungu akusungeni nonse, ndipo alimbitse dzanja lako.

Ndine mayi ako,
Emily Chiwaya