Botolo la Amayi Sindilitaya

Okondedwa achimwene a Twaibu,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno ku Senga Bay tadzuka, Alhamdulillah.

Uthenga wanu wandipeza. Mwati ndikunyoza mankhwala opopera a mphumu amene mumatumizira amayi powalumikiza ku botolo lapulasitiki, ndiye ndilitaye. Achimwene, pepani, sindilitaya!

Inu simunaone. Chaka chathunthu amayi ankapopera mankhwalawo palilime, kumva kuwawa, n'kumeza malovu, ati mankhwala owawa ndiwo ochiza. Koma chifuwa chinkangolirabe ngati kamwana ka mphaka.

Nditawatengera kuchipatala, adokotala anandijambulira mapapo papepala. Anati chilichonse chimene munthu wapuma chimakatera potengera kukula kwake. Timadontho tikulutikulu tothamanga timagunda pakhosi n'kuthera pomwepo. Ting'onoting'ono ndi timene timatsika mpaka m'mapapo, kumene kuli matenda. Ukapopera m'botolo, tikulutikuluti timatsalira momwemo, amayi n'kukoka tinato pang'onopang'ono. Botololo anaboola ndi adokotalawo, si nzeru zanga ayi.

Anatinso utsi wowambira nsomba ndi wosalala zedi, umafika pansi pa mapapo popanda woutsekereza. Ndiye amayi pauvuni ndawachotsapo, nsomba zonse ndikuwamba ndine.

Amayi akwiya nane koopsa. Akuti popeza sakumvanso kuwawa, ndiye kuti botolo likuwadyera mankhwala. N'zimene anakudandaulirani pafoni, inu n'kungovomera muli kutaliko. Kodi akabanika, maso ali tong'o, amawakupiza ndi chitenje ndani? Si ine?

Tamvani za Lachisanu. Amayi anandipeza kugombe ndikugula nsomba popanda iwo. Anandikalipira kuchokera kumeneko mpaka pakhomo, ati ndine wamwano, wosamva, ndawalanda ntchito adakali moyo. Mtunda wonsewo osaima kuti apume, osatsokomola ngakhale kamodzi! Munthu amene chaka chatha sankatha kumaliza pemphero la Fatiha osabanika. Ine ndinangolira, iwo n'kumayesa kuti mawu awo andilasa.

Choncho mankhwala pitirizani kutumiza, Allah akudalitseni. Koma ngati mukufuna botololo litayidwe, kwerani basi mudzalitaye nokha. Mudzandipeza nditaima pakhomo, ndipo amayi adzakhala ndi mpweya wokwanira kutikalipira tonse awiri.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ine mlongo wanu wosamva uja,
Naima